Ng'ombe Yobisa Mkaka Itangobereka: Zifukwa Zake, Chithandizo ndi Jakisoni wa Oxytocin

Mawu oyamba

Ng'ombe imatenga miyezi 9 kuti ibereke. Nthawi yonseyi mlimi amakhala akudula nsenjere, kutunga madzi ndi kugula madeya, ali ndi chiyembekezo chakuti ndalama zake zidzabwerera mkaka ukayamba kutuluka. Koma nthawi zina ng'ombe imabereka bwinobwino, bere n'kuoneka lodzaza, koma pokama n'kungotuluka kapu imodzi basi. Alimi ambiri amati ng'ombe yotere ikubisa mkaka kapena ikukaniza mkaka.

Vutoli likapanda kuthetsedwa msanga limabweretsa mavuto atatu. Loyamba, mwana wa ng'ombe sapeza mkaka woyamba pa nthawi yake ndipo akhoza kudwala kapena kufa. Lachiwiri, mkaka wotsalira m'bere umapereka mpata ku matenda otupitsa bere. Lachitatu, bere limene silikukamidwa mokwanira limayamba kuchepetsa kupanga mkaka, choncho mlimi amaluza ndalama mpaka ng'ombeyo idzaberekenso.

Tsamba lino likufotokoza momwe mkaka umatsikira, zomwe zimaulepheretsa kutsika, zomwe mlimi angachite payekha, komanso nthawi imene jakisoni wa oxytocin ali wofunika ndi nthawi imene ali woopsa.

Momwe mkaka umatsikira

Bere la ng'ombe lili ndi zigawo 4 zosalumikizana, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nsonga yake. M'mwamba mwa chigawo chilichonse muli timatumba ting'onoting'ono tambirimbiri momwe mkaka umapangidwira. M'munsi, pafupi ndi nsonga, muli thumba lokulirapo losungiramo mkaka.

Mkaka wa m'thumba la m'munsi ndi wochepa. Pa malita 10 aliwonse amene ali m'bere, malita 2 okha kapena osakwana ndiwo amakhala m'munsimu. Malita 8 enawo amakhala m'timatumba ta m'mwamba, monga momwe madzi amakhalira m'chinkhupule. Mkaka umenewu sungatuluke ngakhale wokama akoke nsonga mwamphamvu bwanji. Umatuluka pokhapokha thupi la ng'ombe litaufinya lokha kuchokera m'kati.

Kufinyaku kumachitika motere:

1. Mwana akayamba kuyamwa, kapena wokama akamatsuka ndi kusisita nsonga, mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo.
2. Kachiwalo kena komwe kali kunsi kwa ubongo kamatulutsira m'magazi homoni yotchedwa oxytocin.
3. Magazi amatenga oxytocin kupita naye ku bere.
4. Timinofu tozungulira timatumba ta mkaka timakungika ndi kufinyira mkaka m'munsi.

Zonsezi zimatenga mphindi imodzi kapena mphindi 2. Mukayang'ana mudzaona nsonga zikudzaza ndi kulimba, ndipo nthawi zina mkaka umayamba kudontha wokha. Mphamvu ya oxytocin sikhalitsa. Imatha pakadutsa mphindi 5 mpaka 8, n'chifukwa chake wokama wochedwa amasiya mkaka wambiri m'bere.

Ng'ombe ikachita mantha kapena ikamva ululu, thupi lake limatulutsa homoni ina yotchedwa adrenaline. Homoni imeneyi imachepetsa magazi opita ku bere, ndipo mantha amachititsanso kuti ubongo usatulutse oxytocin wokwanira. Choncho ng'ombe sibisa mkaka mwadala kapena chifukwa cha mwano. Kuimenya kumangowonjezera mantha, ndipo mkaka umabisika kwambiri.

Yambani mwadziwa mtundu wa vuto

Si ng'ombe iliyonse yosatulutsa mkaka imene ikubisa mkaka. Gwirani bere ndi kuliyang'ana bwino musanachite china chilichonse.

Mkaka ulipo koma sukutsika: Bere ndi lodzaza mbali zonse 4. Pokama mumatuluka mkaka pang'ono kenako n'kusiya, bere likadali lolemera. Mkakawo ndi wabwino ndipo ng'ombe ikudya. Uku ndiye kubisa mkaka kwenikweni.

Mkaka mulibe: Bere ndi laling'ono, lofewa ndi lakwinyakwinya. Nthawi zambiri ng'ombe yotere imakhala yowonda, yodwala, yosowa madzi kapena yabereka masiku asanakwane. Apa vuto ndi kapangidwe ka mkaka, ndipo jakisoni wa oxytocin sangathandize.

Njira yatsekeka: Nsonga 3 zikutulutsa mkaka koma imodzi ayi. Mwina kukamwa kwa nsongayo kwatsekeka ndi phula lomwe limakhalapo ng'ombe isanabereke, kapena muli chipsera m'kati.

Bere ladwala: Chigawo chimodzi kapena zingapo ndi zotentha, zolimba ndi zopweteka. Mkaka uli ndi zibuma, mafinya, magazi kapena ukuoneka ngati madzi. Awa ndi matenda otupitsa bere ndipo akufunika mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Zomwe zimachititsa ng'ombe kubisa mkaka

Kubereka koyamba. Msoti umene wabereka koyamba sunazolowere kugwiridwa bere. Nthawi zambiri bere lake limakhalanso lotupa ndi madzi, moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje. Kutupa kotere kumapweteka koma kumaphwa pakapita masiku ngati ng'ombe ikukamidwa ndi kusisitidwa.

Kusowa kwa mwana. Ng'ombe za makolo za mtundu wa Malawi Zebu, ndi zina zosakanizika zomwe zili ndi magazi ambiri a Zebu, kawirikawiri sizitsitsa mkaka mwana wake palibe. Ng'ombe za mtundu wa Friesian ndi Jersey zimakamika popanda mwana, komabe nazonso zimavutika mtima zikangolekanitsidwa ndi mwana amene zinazolowera kuyamwitsa.

Malo achilendo. Ng'ombe yogulidwa kumene, kapena yolandiridwa kwa mlimi wina pa ndondomeko yopatsirana ziweto, imatenga masiku kuti izolowere khola latsopano ndi anthu atsopano.

Phokoso ndi nkhanza. Agalu, ana osewera pafupi, kukuwa, kukwapula, kupotokola mchira ndi kumanga miyendo mothinitsa, zonsezi zimabweretsa mantha.

Kusinthasintha. Kusintha wokama, nthawi yokamira kapena malo okamira kumasokoneza ng'ombe.

Ululu wa nsonga. Zilonda, ming'alu, nkhupakupa zoluma pa nsonga, zikhadabo zazitali za wokama ndi kukama mokoka nsonga ndi zala ziwiri.

Ululu wa pobereka. Ng'ombe imene yavutika pobereka, yang'ambika kapena nsengwa yatsalira m'mimba.

Kutentha ndi ntchentche. M'miyezi ya October ndi November ng'ombe yomwe ilibe mthunzi ndi madzi okwanira imakhala yosakhazikika pokama.

Mwana wa ng'ombe asadikire

Pamene mukulimbana ndi vuto la mayi, musaiwale mwana. Mwana wa ng'ombe amabadwa alibe chitetezo cha m'thupi. Chitetezocho amachipeza mu mkaka woyamba wachikasu ndi wokhathamira uja, umene ena amati chithuwi. Matumbo a mwana amalandira bwino chitetezochi m'maola oyambirira okha. Pakadutsa maola 6 mphamvuyi imayamba kutsika kwambiri, ndipo pakatha maola 24 imakhala itatheratu.

Onetsetsani kuti mwana wamwa malita 2 m'maola 2 oyamba, ndi malita ena 1 mpaka 2 maola 12 asanathe. Muyezo wake ndi wakuti mwana amwe mkaka wolemera gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake. Mwana wa makilogalamu 30 akufunika malita 3. Mwana wa Jersey kapena wa Zebu, yemwe amabadwa wocheperapo, amamwa wocheperanso.

Ngati mwana sakutha kuyamwa, kamani mkaka umene ungatuluke ndipo mumwetseni ndi botolo loyera la nsonga ya mphira. Musamutsanulire mkaka m'kamwa mokakamiza chifukwa ukhoza kulowa m'mapapo. Ngati mayi sakutulutsa n'komwe, pemphani mkaka woyamba kwa mlimi mnzanu amene ng'ombe yake yathanzi yabereka tsiku lomwelo kapena dzulo lake. Ufunditseni poika botolo m'madzi ofunda. Musauwiritse pa moto chifukwa chitetezo chija chimawonongeka.

Mkaka wa masiku 4 oyamba ndi wa mwana. Musapite nawo ku gulu logulitsira mkaka chifukwa umakanidwa poyeza ndipo ukhoza kuwonongetsa mkaka wa anzanu.

Njira zothandizira ng'ombe popanda mankhwala

Ng'ombe zambiri zobisa mkaka zimasintha mlimi akangokonza kakamidwe. Tsatani njira izi pa kukama kulikonse:

1. Kamirani malo amodzi, oyera, a mthunzi ndi opanda phokoso. Chotsani agalu ndi anthu ongoonerera.
2. Kamani nthawi yofanana tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, ndipo akhale munthu mmodzi yemwe ng'ombe inamuzolowera.
3. Konzeranitu chidebe, nsalu, madzi ndi mpando ng'ombe isanalowe mokamira.
4. Ikani madeya kapena chakudya china chimene ng'ombe imakonda m'chodyera kuti izidya pamene mukukama.
5. Sambani m'manja ndi sopo. Zikhadabo zikhale zowenga.
6. Tsukani nsonga ndi madzi oyera ofunda, ndipo pukutani ndi nsalu youma. Ng'ombe iliyonse ikhale ndi nsalu yakeyake.
7. Kamirani timkaka toyamba ta nsonga iliyonse, kawiri kapena katatu, m'kapu yakuda m'kati kuti muone ngati muli zibuma. Izi zimachotsanso phula lotseka nsonga.
8. Sisitani bere modekha kuchokera m'mwamba kutsikira m'munsi kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi.
9. Dikirani kuti nsonga zidzaze, kenaka yambani kukama osachedwa. Ng'ombe yobereka koyamba ingafune kusisitidwa nthawi yotalikirapo.
10. Kamani pofinya ndi dzanja lonse, osati kukoka nsonga. Malizani m'mphindi 7 kapena 8.
11. Mukamaliza, viikani nsonga m'mankhwala ake ndipo ipatseni ng'ombe udzu kuti ikhale chiimire kwa theka la ola, kuti kukamwa kwa nsonga kutsekeke isanagone pansi.

Ngati mkaka sukutsikabe, bweretsani mwana. Muimikeni kutsogolo kwa mayi kuti azimuona ndi kumunyambita, kapena mulekeni ayamwe kwa mphindi imodzi, kenaka mupatuleni ndi kuyamba kukama. Kwa ng'ombe za Zebu njira imeneyi ndiyo yodalirika. Mukhoza kusiyira mwana nsonga imodzi inu n'kumakama zitatu zinazo.

Mwana akafa, ng'ombe ya Zebu ikhoza kuumitsa mkaka m'masiku ochepa. Abusa a ng'ombe a kum'mawa kwa Africa, monga a Maasai, akhala akugwiritsa ntchito chikopa cha mwana wakufayo: amachiika patsogolo pa mayi kapena kuchifunditsa mwana wina kuti mayiyo amve fungo la mwana wake. Njirayi musaigwiritse ntchito ngati mwanayo wafa ndi matenda opatsirana kapena osadziwika.

Pa bere lotupa ndi madzi, sisitani mokweza m'mwamba kangapo pa tsiku, kamani katatu pa tsiku, ndipo lolani ng'ombe kuyendayenda pang'ono.

Zomwe simuyenera kuchita

Musamenye ng'ombe kapena kuimanga mwankhanza.
Musalowetse udzu, nthenga, waya kapena kamtengo m'nsonga pofuna kutsegula njira. Zimenezi zimalowetsa tizilombo ndipo chigawo chonse chikhoza kufa.
Musauzire mpweya kapena kulowetsa dzanja ku njira yoberekera. N'zoona kuti kukhudza kumeneko kumachititsa thupi kutulutsa oxytocin, koma ng'ombe yongobereka kumene imatenga matenda a chiberekero mosavuta.
Musathire madzi otentha kwambiri pa bere.
Musasiye kukama poganiza kuti bere likadzaza kwambiri mkaka udzatuluka wokha.

Jakisoni wa oxytocin

Dzina lakuti oxytocin linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubereka msanga. Mu 1906 katswiri wa ku Britain, Henry Dale, anapeza kuti timadzi ta m'kachiwalo ka kunsi kwa ubongo timachititsa chiberekero kukungika. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku America anakwanitsa kupanga oxytocin m'labotale, ndipo mu 1955 analandira mphoto ya Nobel. Mankhwala a m'botolo amene madokotala a ziweto amagwiritsa ntchito lero ndi ofanana ndi oxytocin amene thupi limapanga.

Oxytocin amagwira ntchito ziwiri: kufinya timatumba ta mkaka ndi kufinya chiberekero. Ntchito yachiwiriyi ndiyo imachititsa kuti mankhwalawa akhale oopsa akagwiritsidwa ntchito molakwika.

Chofunika kudziwa ndi chakuti oxytocin sapanga mkaka. Amangotulutsa mkaka umene ulipo kale. Ng'ombe yosadya mokwanira singachulukitse mkaka chifukwa cha jakisoni.

Nthawi imene jakisoni angathandize

Mlangizi kapena dokotala wa ziweto angaganize zobaya oxytocin ngati:

ng'ombe yabereka kale ndipo atsimikiza kuti m'mimba mulibe mwana wina;
bere ndi lodzaza koma mkaka sunatsike pa kukama kuwiri kapena kutatu, ngakhale njira zonse zili pamwambazi zatsatidwa;
mwana akusowa mkaka woyamba ndipo palibe kwina koupeza, zomwe zimafuna kuitana mlangizi m'maola oyamba omwe osadikira mawa;
bere ladwala ndipo pakufunika kukama mkaka wonse woipa asanaikemo mankhwala.

Jakisoniyu amabayidwa mu mnofu, ndipo nthawi zina dokotala amabaya mu mtsempha. Mkaka umatsika pakangopita mphindi zochepa, choncho wokama akhale atatsuka kale nsonga ndipo chidebe chili m'manja. Mukachedwa mphamvu ya mankhwala imatha musanakame.

Mlingo wake ndi wochepa kwambiri ndipo auone ndi mlangizi. Mabotolo amasiyana mphamvu: ena ali ndi mayunitsi 10 pa mililita imodzi, ena mayunitsi 20. Mlimi amene akungotengera mlingo umene anaona kwa mnzake akhoza kubaya mankhwala owirikiza kawiri osadziwa.

Jakisoni akhale wa masiku ochepa okha, kawirikawiri 2 kapena 3. Pa kukama kulikonse yambani mwayesa njira zopanda mankhwala, ndipo mkaka ukatsika wokha musabayenso.

Kuopsa kwa kugwiritsa ntchito oxytocin molakwika

Kuzolowera jakisoni. Ng'ombe yobayidwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali imafika poti bere lake silimvanso oxytocin wochepa amene thupi limapanga. Mukasiya kubaya, mkaka umavuta kutsika kuposa poyamba.

Kuphulika kwa chiberekero. Musabaye ng'ombe yomwe ikuvutika kubereka pofuna kuifulumizitsa. Ngati khomo la chiberekero silinatseguke, kapena mwana wagona mopingasa, chiberekero chikhoza kung'ambika ndipo mayi ndi mwana yemwe akhoza kufa.

Ng'ombe yomwe ili ndi mwana m'mimba. Isabayidwe oxytocin, makamaka ikayandikira kubereka.

Ululu ndi zotupa. Kubaya pafupipafupi kumapweteka ndipo ng'ombe imayamba kuopa malo okamira. Singano yakuda kapena yobayira ng'ombe zingapo imayambitsa zithupsa ndi kufalitsa matenda.

Kubisa matenda. Jakisoni akhoza kutulutsa mkaka lero pamene vuto lenileni, monga matenda a bere kapena a chiberekero, likukulirakulira.

Vuto la kubaya ziweto za mkaka mwachisawawa linakula kwambiri ku India, moti mu 2018 boma la dzikolo linakhwimitsa malamulo a kapangidwe, kaitanitsidwe ndi kagulitsidwe ka oxytocin.

Kagulidwe ndi kasungidwe

Oxytocin amatha mphamvu akakhala pa malo otentha. Mabotolo ambiri amafuna kusungidwa mu fuliji pa madigiri 2 mpaka 8, osaumitsidwa ngati ayezi, komanso osaombedwa ndi dzuwa. Botolo limene lakhala pa benchi ya pa msika kapena pa windo la nyumba ya malata likhoza kukhala lopanda ntchito. Mankhwalawa achokere kwa mlangizi wa ziweto kapena ku sitolo yovomerezeka yogulitsa mankhwala a ziweto, ndipo onani tsiku lothera mphamvu.

Chenjezo kwa anthu

Oxytocin wa ziweto asagwiritsidwe ntchito pa munthu. Amayi oyembekezera asagwire botolo kapena sirinji ya mankhwalawa, chifukwa kudzibaya mwangozi kukhoza kuyambitsa matenda a uchembere nthawi isanakwane. Mayi woyamwitsa amene mkaka wake ukuvuta kutuluka apite kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, ndipo apitirize kuika mwana ku bere pafupipafupi. Sungani mankhwala onse a ziweto kutali ndi ana.

Zizindikiro zofunika kuitana mlangizi msanga

Ng'ombe yagona ndipo ikulephera kudzuka, makutu azizira, mutu waupindira kunthiti. Izi zimachitika kawirikawiri m'masiku 3 oyamba itabereka chifukwa cha kuchepa kwa kashiamu m'magazi, makamaka pa ng'ombe zikuluzikulu za mkaka wambiri. Imafunika mankhwala a kashiamu mwachangu. Musaimwetse chilichonse mokakamiza chifukwa imalephera kumeza.

Nsengwa sinatuluke patatha maola 12 mpaka 24. Musaikoke ndipo musamangirirepo mwala kapena njerwa.

Ku njira yoberekera kukutuluka zonunkha, ndipo ng'ombe yasiya kudya.

Thupi latentha kuposa madigiri 39.5. Ng'ombe yathanzi imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.3.

Bere latupa mbali imodzi, lasintha mtundu kapena lazizira ndi kuda.

Nsonga, m'kamwa ndi m'mapazi muli matuza kapena zilonda. Awa akhoza kukhala matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe ayenera kunenedwa ku ofesi ya zaulimi nthawi yomweyo.

Ng'ombe ikapatsidwa mankhwala opha tizilombo, funsani mlangizi masiku amene muyenera kudikira musanayambenso kumwa kapena kugulitsa mkaka wake.

Mbuzi

Bere la mbuzi limasunga mkaka wambiri m'thumba la m'munsi, choncho mbuzi sizibisa mkaka kawirikawiri ngati ng'ombe. Vuto lomwe limapezeka kwambiri ndi nsonga zotsekeka ndi phula, mayi wokana mwana wake, kapena mayi wowonda amene alibe mkaka. Kamani pang'ono nsonga zonse ziwiri kuti zitseguke. Ikani mayi ndi ana ake m'kachipinda ka okha kwa masiku 2 kapena 3, ndipo mugwireni mayiyo modekha kuti ana ayamwe. Mwana wa mbuzi wa makilogalamu 3 akufunika mamililita 300 a mkaka woyamba m'maola 12 oyamba, pomwa pang'onopang'ono kangapo.

Nkhumba

Mawere a nkhumba alibe thumba losungira mkaka, choncho ana amadalira kuti mayi atsitse mkaka. Nkhumba imayamwitsa pafupifupi ola lililonse, ndipo mkaka umatuluka kwa masekondi 10 mpaka 20 okha. Kusokoneza nkhumba pa nthawi imeneyi kumamanitsa ana chakudya chonse cha ola limenelo.

M'masiku 3 oyamba itabereka, nkhumba ikhoza kudwala matenda otupitsa mawere ndi chiberekero omwe amaumitsa mkaka. Imatentha thupi, imasiya kudya ndipo imagonera mimba kubisa mawere. Ana amalira, amazungulirazungulira ndi kuwonda msanga. Itanani mlangizi tsiku lomwelo, chifukwa apa oxytocin yekha sakwanira. Pamafunikanso mankhwala opha tizilombo ndi ochepetsa ululu. Pamene mukudikira, afunditseni ana, ipatseni nkhumbayo madzi ambiri ndi mthunzi, ndipo ngati m'khola lanu lomwelo muli nkhumba ina yobereka masiku omwewo, gawirani ana ena kwa iyo. Musapite nawo ku khola la mlimi wina, poopa kufalitsa chigodola cha nkhumba.

Kapewedwe: yambani ng'ombe isanabereke

Lekani kukama ng'ombe miyezi 2 isanabereke kuti bere lipume ndi kukonzekera.
Ipatseni udzu wabwino monga nsenjere, masamba a lukina, masangwi a mtedza ndi madeya, kuti ibereke ili ndi thupi labwino, yosawonda komanso yosanenepa mopitirira.
Madzi asasowe m'khola usana ndi usiku. Pa malita 100 a mkaka, pafupifupi malita 87 ndi madzi, ndipo ng'ombe yokamidwa imamwa malita 60 kapena kuposerapo pa tsiku.
Zolowezani msoti masabata 3 kapena 4 usanabereke. Uzilowa mokamira tsiku lililonse, uzidyera momwemo, ndipo muziusisita msana, miyendo ndi bere modekha, koma osaukama.
Musasamutse ng'ombe kupita ku khola lachilendo itatsala pang'ono kubereka.
Tetezani ng'ombe ku nkhupakupa ndipo chizani zilonda za nsonga msanga.
Khalani ndi nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto tsiku lobereka lisanafike.

Uthenga kwa alimi otsogolera

Yenderani mlimi aliyense amene ng'ombe yake yabereka, makamaka koyamba, tsiku lomwelo. Funsani ngati mwana wamwa mkaka woyamba, nthawi yanji ndiponso wochuluka bwanji. Khalani nawo pa kukama kumodzi ndipo onani ndi maso anu, chifukwa zolakwika zambiri zimaoneka pamenepo. Pa gulu lanu logulitsira mkaka lembani masiku amene ng'ombe za mamembala zikuyembekezeka kubereka, kuti mudziwe komwe mungapeze mkaka woyamba pakagwa vuto. Limbikitsani alimi kulemba m'kope malita a tsiku lililonse ndi mankhwala aliwonse amene ng'ombe yalandira. Musabwerekane mabotolo a oxytocin pa gulu, ndipo ntchito yobaya isiyireni mlangizi wa ziweto wa ku EPA yanu kapena wa bungwe lanu la alimi a mkaka.

Ng'ombe imene ikubisa mkaka nthawi iliyonse ikabereka, ngakhale ikusamalidwa bwino, kambiranani ndi mlangizi ngati n'koyenera kuisungabe kapena kusunga ana ake aakazi kuti akhale a mbewu.

Mfundo zofunika kukumbukira

Mkaka wambiri umatsika pokhapokha ng'ombe ili yodekha ndipo nsonga zasisitidwa.
Mwana amwe mkaka woyamba m'maola 2 oyamba, ndipo asadutse maola 6.
Siyanitsani mkaka wobisika, mkaka wosowa, nsonga yotsekeka ndi bere lodwala.
Yambani ndi bata, chakudya, madzi ofunda, kusisita ndi kubweretsa mwana.
Oxytocin sapanga mkaka. Ndi chithandizo cha masiku ochepa, chobayidwa ndi mlangizi wa ziweto, pa ng'ombe yomwe yabereka kale.
Ng'ombe ikatentha thupi, ikasiya kudya kapena ikalephera kudzuka, itanani mlangizi wa ziweto osachedwa.